Nkhuku zake n'zabwino, koma yang'anitsitsani m'katoni musanachoke pa shopu

Ndadikira dala mpaka nkhukuzi zitaikira miyezi isanu. Ndikanalemba mu Epulo, mukanangowerenga zotukwana.

Mu Januwale ndinaoda anapiye 50 a Hy-Line Brown, mtundu wa nkhuku zoikira mazira, pa shopu ina ya zaulimi ku Limbe. Mtengo wake inu oweta mukuudziwa, chichokereni pomwe kwacha inagwa mu Novembala 2023 palibenso chotchipa. Ndinalipira onse ngati mathadzi okhaokha, chifukwa chomwe ndinkafuna ndi mazira basi, a pakhomo ndi ogulitsa pa kaokala kanga.

Tsiku lotenga, nditatsegula katoni pakhomo pa shopu pomwepo, ndinaona kuti anapiye asanu ndi awiri ndi oyererako, achikasu chotuwa, pamene anzawo ndi ofiirira. Ndinafunsa mnyamata amene anandipatsira katoniyo. Iye osayang'ana n'komwe, akuti, "Mayi, ndi amodzimodzi amenewo, ngakhale ana a mimba imodzi safanana khungu." Ine n'kuseka, n'kukwera minibasi. Kupusa kwanga kunali pamenepo.

Anapiyewo ndinawalera ngati makanda. Mbaula usiku wonse, utuchi wouma, kudzuka pakati pa usiku kukaona ngati aunjikana pakona. Katemera wa chitopa ndi wa gumboro sindinaphonye. Awiri okha ndi omwe anafa. Koma pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, oyera aja anayamba kutalika miyendo, malipombo kufiira msanga, pa chakudya kukankha anzawo. Mlangizi wa ziweto wa kwathu kuno atabwera, anangoima pakhomo pa khola n'kugwira pakamwa. Anandiuza kuti mtundu umenewu umadziwika tsiku lomwe waswedwa: wamkazi amakhala wofiirira, wamwamuna woyera. Ndiye kuti amene anaika m'katoni muja ankadziwa bwinobwino chimene akuchita. Mmawa wina mu Epulo ndinadzutsidwa ndi kulira kosasa mawu kuseri kwa nyumba, wina atayamba enanso n'kulandira. Atambala asanu ndi awiri, odya growers mash, chakudya chokulitsira nkhuku, wogula ndi ndalama zanga.

Ndinabwerera ku shopu kuja ndi zithunzi pa foni. Mayi wa pa kauntala anali pa WhatsApp, ndipo anandiyankha maso ali pomwepo: "Lisiti lili kuti?" Ndinalitulutsa. "Aa, pamenepa palembedwa anapiye, sipanalembedwe kuti aakazi." Ndinafunsa bwana wawo, akuti ali ku Lilongwe. Ulendo wachiwiri, ali ku Lilongwe. Mnyamata uja atandiona anazembera kuseri kwa matumba a feteleza. Ngakhale pepani, ayi ndithu. Chinandiwawa kwambiri n'chimenecho, kuposa ndalama.

Komabe chilungamo ndinene. Misoti 41 yotsalayo ilibe mlandu. Dzira loyamba ndinalitola sabata ya 19, kakang'ono, kofunda, kali pa utuchi pansi pa chomwera madzi, ndipo ndinayenda nako mpaka kwa aneba kukaonetsa. Pano tsiku lililonse ndimatola pakati pa 35 ndi 38, kutanthauza thireyi yodzadza n'kutsalako a ana. Sizifungatira ngati zachikuda zija zomwe zimaikira mazira khumi n'kukhala pansi mwezi wathunthu. Izi zikaikira zimadzuka n'kupita kukadya. Ndinawetako za Mikolongwe kale, n'zolimba ndithu, koma pa kuchuluka kwa mazira sizifika apa.

Kungoti sizinamizika. Nkhuku imodzi imafuna magalamu pafupifupi 115 a layers mash, chakudya cha nkhuku zoikira, pa tsiku, moti thumba la 50kg kwa ine silidutsa masiku 11. Mu Ogasiti ndalama zitavuta ndinasakaniza ndi madeya, theka kwa theka, ndikuyesa ndachenjera. Sabata isanathe mazira anatsika kufika 22, ena a zigoba zofewa zongophwanyika m'manja, nkhuku n'kuyamba kujomphana kumbuyo. Apo wolakwa ndinali ine, osati a shopu. Kuwala nakonso: zimafuna maola 16 pa tsiku, ndiye ndinapachika kababu ka sola m'khola kuti magetsi akazima madzulo zisagone msanga. Madzi akatha theka la tsiku lokha, mawa lake mudzaona pa thireyi.

Ndiye kodi ndingagulenso? Mtundu womwewu, inde, mawa lomwe. Pa shopu ija mwina, poti anapiye awo anali athanzi, sindinganame. Koma katoni ndidzatsegulira pa kauntala, ndidzawerenga mmodzimmodzi, woyera aliyense ndidzamubweza m'manja mwa mnyamata uja, ndipo pa lisiti adzalembe okha kuti aakazi.

Atambala aja tinadya asanu ndi mmodzi, nyama yake yochepa, mafupa okhaokha. Mmodzi bambo a kunyumba anamukaniza kupha, akuti amawadzutsa bwino popita ku ntchito. Alipobe, akudyabe layers mash wanga.