Debian 13 Trixie pa laputopu yanga yakale

Debian 13, mtundu wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse ngati Windows) yomwe akuitcha Trixie, inatuluka pa 9 Ogasiti 2025. Ndinaiika pa laputopu yakale yomwe fani yake imalira ngati chigayo, ndipo ikuyenda mosadodoma. Kernel yake, chimake cha Linux chomwe chimalumikiza mapulogalamu ndi zipangizo za kompyuta, ndi 6.12, Wi-Fi inagwira yokha osandivutitsa.

Nkhani yomwe imautsabe mapiri pachigwa ndi ya systemd, pulogalamu yoyamba kudzuka kompyuta ikayaka, yomwe imadzutsa zina zonse. Mu 2014 komiti ya zaukadaulo ya Debian inagawikana pakati, anayi ku systemd, anayi ku Upstart, pulogalamu ina yogwira ntchito yomweyo, mpaka wapampando Bdale Garbee anadula mlandu ndi voti yake posankha systemd. Osakhutira anapatuka n'kuyambitsa Devuan, yomwe ndi Debian yopanda systemd.

Ine ndili mbali ya systemd, sindibisa. Pulogalamu ikakana kuyamba ndimangolemba systemctl status, pomwepo ndaona mizere yomaliza yonena chomwe chavuta. Kale tinkasanthula ma script a sysvinit, yomwe inkagwira ntchitoyi systemd isanabwere, mpaka maso kuwawa. Komabe otsutsawo sakungolankhula. Systemd yasenza ntchito zambiri, ma log (zolemba za zomwe zikuchitika mu kompyuta), nthawi, ngakhale netiweki, ndipo ma log ake simungawawerenge ndi cat, lamulo wamba lowerengera mafayilo, pamafunika lamulo lakelake la journalctl. Zimenezo zimandidetsa nkhawa ndithu.

Mukamaika Debian 13 dziwani kuti foda ya mafayilo osakhalitsa ya /tmp tsopano imakhala mu RAM, ndiye fayilo yaikulu mukaiponya m'menemo ikudya memory. Ndipo ngati kompyuta yanu ndi ya 32-bit ya Intel kapena AMD (i386), installer yake kulibenso.