Ndemanga yanga pa uphungu wa pa intaneti wokonzekeretsa anthu chithandizo cha psilocybin

Ndikulemba ndemangayi ndili ku Kasungu, nditamaliza uphungu wolipira umene ndinkalandira pa vidiyo kuchokera kwa mayi wina wophunzira za maganizo a anthu, amene amagwira ntchito yake ali kunja kwa dziko lino. Bungwe lawo limati limakonzekeretsa anthu ofuna chithandizo cha mankhwala a psychedelic, amene amasintha kwa kanthawi mmene munthu amaonera, kumva ndi kuganizira zinthu, makamaka psilocybin amene amapezeka m'mitundu ina ya bowa, komanso limathandiza amene analandira kale chithandizochi kuti amvetse zimene anaona ndi kumva mankhwalawo ali m'thupi. Sagulitsa kapena kutumiza mankhwala alionse. Chimene munthu amalipira ndi nthawi yokambirana, mafunso oyeza ngati ali woyenera, ndiponso malangizo olembedwa. Ndawapatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu, ndipo chifukwa chachikulu chimene sindinawapatsire zochepera pamenepa n'chakuti mlangizi wawo anandikaniza chinthu chenicheni chimene ndinkafuna.

Ndakhala ndikuvutika ndi matenda a nkhawa ndi kukhumudwa kwa zaka zingapo, ndipo ndimamwa fluoxetine amene ndimalandira ku kiliniki ya matenda a m'maganizo. Mankhwalawa anandithandiza kuti ndiyambenso kugona ndi kupita ku ntchito, koma mtima wolemera sunachokeretu. Chimene chinandikopa ndi kafukufuku wa kampani ya Compass Pathways amene anatuluka m'chaka cha 2022 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Anthu 233 amene mankhwala a masiku onse sankawathandiza anagawidwa m'magulu atatu, ndipo anapatsidwa mamiligalamu 25, 10 kapena 1 a psilocybin kamodzi kokha, ali m'chipinda ndi akatswiri owayang'anira. Patatha masabata atatu, pafupifupi anthu atatu mwa 10 alionse a m'gulu la mamiligalamu 25 analibenso zizindikiro za matendawa. Ndinawerenganso kuti kuyambira pa 1 July 2023 dziko la Australia linalola madokotala ena a matenda a m'maganizo, okhawo amene apatsidwa chilolezo chapadera, kulembera odwala psilocybin. Munthu amene wadwala nthawi yaitali akamva nkhani yotere chiyembekezo chimamuthamangira patsogolo, ndipo ine ndinayamba kuwerengera ndalama za ulendo wopita kumayiko kumene amachita zimenezi.

Tsiku loyamba kukumana, mlangiziyo sanakambe za bowa ngakhale pang'ono. Anandipempha kuti ndionetse pa kamera pepala la mapiritsi amene ndimamwa, kenaka kabuku kanga ka kuchipatala, tsamba ndi tsamba, iye akulemba. Anafunsa za kuthamanga kwa magazi, za mtima, ngati ndinagwapo khunyu, ngati ndimamwa mowa kapena kusuta chamba, ndiponso ngati ndinaganizapo zodzipha. Funso limeneli analifunsa mosazungulira koma mwaulemu, ndipo anadikira mpaka nditayankha. Atatero anafika pa za kumtundu: kodi alipo wachibale, wa kuchimuna kapena kuchikazi, amene anadwalapo misala, kumva mawu a anthu osaoneka, kapena kukhala masiku ambiri osagona ali ndi mphamvu zodabwitsa? Ndinkadziwa kuti amalume anga anagonekedwapo ku chipatala cha Zomba Mental ndili mwana, koma kwathu nkhaniyi sinkakambidwa. Mlangiziyo anati tiime pomwepo kufikira nditafunsa akuluakulu.

Ndinawaimbira amayi madzulo ake. Anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Mwanangu, amalume akowo ankatha sabata yathunthu osagona, akuyankhula osapuma, mpaka anagulitsa ng'ombe ziwiri tsiku limodzi ati akukagula galimoto. Zikawachoka ankangokhala m'nyumba osadya, osayankhula ndi munthu." Nditamufotokozera mlangizi mawu amenewa, anandiuza kuti sangathe kutchula dzina la matenda a munthu amene sanamuone, koma zizindikirozo zikufanana ndi matenda a bipolar, amene munthu nthawi zina amatakasuka mopitirira muyezo, nthawi zina n'kukhumudwa kwambiri, ndipo kafukufuku wambiri wa psilocybin salandira anthu amene iwo eni, ndipo kawirikawiri ngakhale achibale awo apafupi, anadwalapo misala kapena matenda amenewa, chifukwa mankhwalawa angathe kudzutsa matenda amene anali chigonere. Anawonjezera kuti fluoxetine amakhalitsa m'thupi kwa masabata angapo munthu atasiya kumwa, ndipo kumusakaniza ndi ayahuasca, chakumwa cha psychedelic cha ku South America, kungachititse kuti serotonin, chinthu chimene chimatumiza mauthenga m'ubongo, achuluke m'thupi mpaka munthu kutentha kwambiri, kunjenjemera, kukomoka ngakhale kufa kumene. Anandiletsa mwamphamvu kusiya mapiritsi anga pandekha, ndipo ananena poyera kuti sandilembera kalata yondivomereza kupita kumalo alionse operekera mankhwalawa.

Zinandipweteka, chifukwa ndinali nditalipira kale. Komabe ndimatha kuyerekeza mayiyu ndi munthu wina wodzitcha mlangizi amene ndinalankhula naye pa WhatsApp miyezi yomweyo, yemwe ankati ali ku Johannesburg. Ameneyu sanafunse za mapiritsi, za mtima, kapena za amalume. Anatumiza mndandanda wa mitengo ndi uthenga wa mawu wakuti, "Achimwene, musadandaule, izi ndi zachilengedwe, tikupatsirani wa basi mulandirire ku Lilongwe, ine ndidzakutsogolerani pa foni." Nditamuuza kuti ndimamwa fluoxetine anayankha kuti ndisiye kaye masiku ochepa kuti mankhwala ake agwire bwino. Munthu ameneyu akanandilandira ndi manja awiri, ndipo akanandisiya ndekha m'chipinda kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi amene psilocybin amakhala akugwira ntchito, iye ali kutsidya la malire angapo. Ndikakumbukira kuti alipo achinyamata ovutika mumtima amene alibe wowafunsa mafunso aja, ndimada nkhawa kwambiri.

Mawu akuti zachilengedwe sayenera kupusitsa munthu wa kuno. Mvula ikagwa, m'mbali mwa msewu wa M1 mumadzaza mabeseni a utale ndi ndelema, ndipo aliyense amadziwa kuti m'tchire lomwelo mumamera bowa wina amene amapha banja lonse chifukwa amawononga chiwindi, zizindikiro zake n'kuonekera patapita maola ambiri munthu atadya kale. Ufa wa bowa wouma woikidwa m'makapisozi palibe angauzindikire ndi maso, ngakhale agogo odziwa kuzula bowa. M'kafukufuku uja odwala sankapatsidwa bowa wa kutchire, koma mankhwala opangidwa mu labotale, oyezedwa mlingo wake. Chimodzimodzinso ibogaine, wochokera ku mizu ya chitsamba cha iboga cha ku Gabon, amene ena amamutsatsa kwa anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo: amasokoneza kagundidwe ka mtima ndipo anthu amwalirapo nawo, n'chifukwa chake wopereka mankhwalawa popanda kuyeza mtima wa munthu ndi makina akuseweretsa moyo wa mnzake.

Chinanso chimene ndinayamikira n'chakuti mlangiziyo sanabise mbali yofooka ya umboni. Iye mwini ndiye anandikumbutsa kuti m'kafukufuku wa 2022 uja phindu linayamba kuchepa pofika masabata 12, komanso kuti ena mwa odwala anakhala ndi maganizo odzipha kapena kudzivulaza. Anatchulanso kafukufuku wa ku Imperial College London wa 2021, wa anthu 59, amene anayerekeza psilocybin ndi mapiritsi a escitalopram, amene ndi a matenda a kukhumudwa ngati fluoxetine, ndipo pa muyezo waukulu sanapeze kusiyana kotsimikizika. Anandiuza kuti mu August 2024 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linakana kuvomereza MDMA, mankhwala ena osintha mmene munthu amamvera mumtima, ngati chithandizo cha anthu ovutika ndi zoopsa zimene anakumana nazo, ndipo linapempha kuti kafukufuku wina achitike. Ngakhale ku Oregon, chigawo china cha America, kumene anthu anavota mu 2020 kuti psilocybin aziperekedwa, amaperekedwa m'malo ovomerezeka okha, kwa anthu a zaka 21 kupita m'tsogolo, pamaso pa woyang'anira wokhala ndi laisensi. Zonsezi zinandithandiza kuona kuti chimene madokotala akuyesa ndi ntchito ya chipatala yokhala ndi kukonzekera, kuyang'anira ndi kulondoloza wodwala, pamene chimene chimatsatsidwa pa Facebook nthawi zambiri ndi mankhwala okha opanda zonsezo.

Tsopano ndinene zimene zinawachotsera nyenyezi ziwiri. Choyamba ndi chakuti tsamba lawo la pa intaneti limalonjeza zambiri kuposa zimene mlangizi wawo amanena akakhala ndi munthu. Pali maumboni okoma a anthu amene amati moyo wawo unasinthiratu tsiku limodzi, koma palibe chenjezo looneka bwino lakuti anthu ena sayenera n'komwe kuyamba. Mafunso ofunika aja amabwera munthu atalipira kale ndondomeko yonse, ndipo ndalama sabweza. Kwa ife nkhani ya ndalama si yaing'ono. Salandira Airtel Money kapena Mpamba, amafuna khadi ya ku banki ndi madola, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipo m'dziko muno ndinachita kupempha m'bale wa kunja kuti andilipirire, ine n'kubweza makwacha kwa banja lake kuno. Pamwamba pa apo pali bandulo ya vidiyo, ndipo magetsi akazima kapena netiweki ikadula, mphindi zotayikazo sazibwezera.

Chachiwiri, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, n'chakuti mlangiziyo sankalidziwa dziko lathu. Sankadziwa chilichonse cha malamulo a m'Malawi. Ndine ndinamuuza kuti psilocybin ali pa mndandanda woyamba wa mgwirizano wa United Nations wa 1971 woletsa mankhwala otere, umene dziko lathu linavomereza, ndipo kuti lamulo la 2020 lokhudza chamba linangolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi ziphaso, osati mankhwala ena. Pepala la manambala a thandizo ladzidzidzi limene anatumiza linali la kwawo. Sankadziwa za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene kuli aphungu ophunzitsidwa bwino, kapena kuti m'zipatala za m'maboma muli anamwino ndi madokotala a matenda a m'maganizo. Uphungu wonse unali m'Chingerezi, ndipo zinthu zina zolemera mumtima, monga maliro otsatizana m'banja, udindo wolera ana amasiye, kapena manyazi amene banja limakhala nawo pa wachibale wodwala misala, ndinkathera nthawi yolipiridwa ndikumufotokozera maziko ake m'malo mokambirana za ine.

Pa nkhani ya ziphaso anachita bwino. Nditamufunsa anandipatsa nambala yake ya kaundula ndi dzina la bungwe loyang'anira akatswiri a za maganizo m'dziko lake, ndipo ndinakaipeza pa tsamba la bungwelo. Aliyense amene akufuna uphungu wotere ayambe ndi pamenepa, monga mmene kuno tingafunsire ngati munthu analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, chifukwa satifiketi ya maphunziro a masabata ochepa a pa intaneti siyipatsa munthu udindo woyankha mlandu wodwala akavulala. Afunsenso kuti ndani adzakhale naye m'chipinda, chipatala chapafupi chili kuti, ndiponso malamulo okhudza kugwira thupi la wodwala ndi otani, popeza munthu amene mankhwalawa amugwira sangathe kudziteteza, ndipo nkhani za nkhanza zoterezi zinamvekapo ngakhale m'kati mwa kafukufuku wa MDMA. Wolangiza amene akwiya ndi mafunso amenewa, kapena wouza munthu kuti abisire adokotala ake, ndi wofunika kumusiya nthawi yomweyo.

Nthawi yotsala ya ndondomeko yanga tinaigwiritsa ntchito pa zina: kulemba mmene ndikugonera, kuzindikira maganizo amene amandigwetsa, ndi kukonza zoti ndikanene ku kiliniki. Anandilembera kalata yaifupi yofotokoza za amalume ndi zizindikiro zimene zatsalira, ndipo adokotala ataiwerenga anafunsa mafunso enanso, n'kulemba mbiri ya kumtunduyo m'kabuku kanga, chifukwa imakhudzanso mmene ayenera kundiyang'anira pa mankhwala amene ndikumwa kale. Ndondomekoyi sindiilipiranso kachiwiri, popeza uphungu wotsalawo ndingaupeze kuno m'chilankhulo changa pa mtengo wotsika. Ndinawalembera eni bungwelo kuwapempha kuti mafunso a mankhwala ndi a kumtundu aziwaika poyera munthu asanatulutse ndalama, komanso kuti azifunsa dziko limene munthu ali. Anayankha kuti aganizirapo, koma pamene ndikulemba ndemangayi tsamba lawo silinasinthe.