Chitseko cha galaja ya denga lotsika, patatha miyezi 14

Galaja yanga ili ndi mpata wa masentimita 15 okha kuchokera pamwamba pa khomo kukafika kudenga. Chitseko wamba cha zigawozigawo chimafuna masentimita pafupifupi 30, ndipo mukati muikenso motala yotsegulira, mpatawo uyenera kukulirapo. N'chifukwa chake mmisiri anandiikira njanji ziwiri mbali iliyonse. Mawilo a gawo lapamwamba amayenda panjanji yawoyawo, enawo panjanji yam'munsi, ndipo sipuling'i yothandiza kunyamula chitseko anaiika kumbuyo, kumapeto kwa njanjizo.

Zitsulozi ndilibe nazo dandaulo. Chitseko chimakwera bwinobwino, galimoto imalowa osagunda kanthu, mawilo apulasitiki sachita phokoso. Mabawuti awiri a gawo lapamwamba anakhwefuka patatha miyezi isanu, ndinangowamanganso ndi sipanala.

Chomwe ndikufuna ndikuuzeni ndi kulakwa kwanga. M'mwezi wachisanu ndi chitatu chitseko chinayamba kuvuta: ndikadina rimoti, chimatsika pang'ono n'kubwerera m'mwamba. Pa njanji zoterezi gawo lapamwamba limakhota mothina kwambiri, moti kupotoka pang'ono kwa njanji kumachititsa motala kumva ngati chitseko chagunda chinthu. Ine, pofuna kuthamangira kuntchito, ndinakwera pamakwerero n'kuwonjezera mphamvu ya motala. Chinatsekeka, mtima wanga unakhala pansi.

Patapita masabata atatu ndinayesa zimene buku la motala limanena kuti tizichita mwezi uliwonse. Ndinagoneka thabwa lochindikala masentimita 4 pakati pa khomo n'kudina rimoti. Chitseko chabwino chikakhudza thabwa chiyenera kubwerera pasanathe masekondi awiri. Changa chinakanikiza thabwalo, motala ikubuula, mpaka mphira wa m'munsi unaphwatalala n'kusiya mzere pathabwa. Sichinabwerere. Ndinachita nthumanzi, chifukwa pakhomo pomwepo ndi pamene mwana wanga amakonda kukhala akamanga nsapato.

Mwina munganene kuti nanga masensa, timaso toikidwa m'mbali mwa khomo kuti tione ngati pali chinthu panjira ya chitseko, ntchito yawo n'chiyani. Alipo, ndipo ali pamalo oyenera, osapitirira masentimita 15 kuchokera pansi. Koma iwo amangoona chimene chadutsa pakamzere kawo ka kuwala. Chinthu chikakhala pamwamba kapena pambali pa kamzereko, chimene chimapulumutsa ndi kubwerera kwa motala, komwe ine ndinali nditakusokoneza ndi manja anga. Ku United States lamulo lakhala likufuna chitetezo chowonjezera ngati masensawa pa mamotala atsopano kuyambira 1993, koma masensa anabwera kudzathandizana ndi kubwererako, osati kudzalowa m'malo mwake.

Mmisiri atabwera anatseka chitseko, kenako anakoka chingwe chofiira cholekanitsa motala, n'kukweza chitsekocho ndi manja mpaka pakati. Atachisiya, m'malo moima pomwepo chinayamba kutsetsereka. Sipuling'i inali itafookako, komanso njanji yapamwamba yakumanzere inali itasuntha pang'ono. Anawongola njanjiyo, anakunga sipuling'i, ndipo mphamvu ya motala anaibwezera pomwe inali. Sipuling'iyo chonde musaigwire nokha. Imakhala yokungika mwamphamvu moti ikaphonyoka itha kuthyola dzanja. Chingwe chofiiracho nachonso muzichikoka chitseko chili chotseka, chifukwa ngati sipuling'i yaduka, chitseko chotsegula chimagwa ndi kulemera kwake konse.

Anandiuzanso kuti masipuling'i wamba amapangidwa kuti atsegule ndi kutseka maulendo pafupifupi 10,000. Kwathu timatsegula kanayi patsiku, ndiye kuti zaka zisanu ndi ziwiri sizikwana bwino.

Kodi ndingagulenso zitsulozi? Inde, popeza popanda izo galaja yangayi sikanakhala ndi chitseko chamotala. Batani lapakhoma ndinalikweza kufika mita imodzi ndi theka kuti mwana asalifikire, ndipo thabwa lija ndinalipachika pamsomali pafupi ndi khomo. Sabata yatha ndinaligonekanso pansi, chitseko chitangolikhudza chinabwerera m'mwamba.