Usiku wa ma oldies pa loji ina ku Dedza: pitani, koma atiyambitsire bandi msanga

Amene mwakhala mukundifunsa za usiku wa ma oldies uja umachitika Loweruka lomaliza la mwezi pa loji ina pa boma pano, yankho langa ndi lakuti pitani. Ndalama yanu siipita pachabe, makamaka ngati munakula mukumvera wailesi ya mabatire m'ma 1970 ndi 1980. Koma pali zina zomwe eni malowa akuzichita mozondoka ndipo ndizinena poyera chifukwa ndikufuna chinthuchi chikhalitse, chisazilale ngati zabwino zina zimene zimayamba pa Dedza pano ndi moto kenako ziii. Dzina la lojiyo sinditchula, a konkuno mukuidziwa.

Pulogalamu yake ili pawiri. Poyamba amaonetsa makonsati a magulu akale a rock akunja pa sikirini yaikulu ndi pulojekita, kenako pamabwera bandi yeniyeni ya amadala anayi ndi mnyamata mmodzi pa ma dramu. Pakhomo tinalipira K10,000 munthu mmodzi, zakudya ndi zakumwa nzapadera, ndipo amalandira ndalama ya pa foni nde musavutike kuyenda ndi kashi usiku.

Za sikirinizo achinyamata mwina aziona ngati zachibwana poti zonse zili pa YouTube, koma kwa ife amsinkhu uno nkhani yake ndi ina. Paja ife tinakula wailesi ili imodzi yokha, MBC, ndipo TV ya dziko lino inadzayamba 1999 tili kale ndi ana. Magulu amenewa timangowamva, nkhope zawo timaziona pa chikuto cha kaseti kapena chimbale chimene achimwene abwera nacho kuchokera ku Joni, ndipo nthawi ya Kamuzu mwamuna kusunga tsitsi lalitali kunali kuphwanya lamulo, nde azungu atsitsi lofika m'mapewa aja timawayang'ana ngati anthu a dziko lina lenileni. Lero tikudzawaona akuyenda pa siteji ali agogo, ifenso imvi zili mbuu, ndipo zimagwira mtima mwa njira yovuta kufotokoza kwa munthu wa zaka 25.

Tsikulo anaika konsati ya Rolling Stones ya ku Havana, ku Cuba, ya mu March 2016, ija inali yaulere. Mick Jagger anali ndi zaka 72 nthawi imeneyo koma mmene amathamangira kuchoka mbali ina ya siteji kukafika mbali ina, mayi wina amene anakhala kutsogolo kwathu anangogwira pakamwa nkunena kuti "abale inu, bambo awa ndi saizi ya bambo anga omwe akuyendera ndodo ku Bembeke". Ine maso anga anali pa Charlie Watts kumbuyo kuja pa ma dramu, wakhala pa mpando msana uli nga, nkhope yosasintha, akungomenya zofunika zokhazokha. Anamwalira mu August 2021 ali ndi zaka 80. Gulu limeneli linafikapo ku Ellis Park ku Johannesburg mu 1995, koma ndani wa ife anali ndi pasipoti ndi ndalama ya basi nthawi imene ija.

Chimene chinandikhudza kwambiri si Jagger ayi. Anaikaponso kavidiyo kakafupi ka Genesis pa ulendo wawo womaliza umene unathera ku London mu March 2022, Phil Collins akuimba atakhala pa mpando chifukwa thupi linakana kale, ndodo za dramu sangazigwirenso bwino, nde amene akumenya kumbuyo ndi mwana wake Nic. Mawu atsika, mpweya ndi wochepa, koma bwalo lonse likumuthandiza kuimba. M'holo mwathu munangoti zii, olo botolo silinagunde.

Tsono vuto langa loyamba lili pompa. Sikiriniyo inatenga nthawi yaitali mopitirira muyezo. Anati zonse ziyamba 6 koloko, anayamba cha m'ma 8, ndipo mnyamata amene amayendetsa laputopu amadumphitsa nyimbo ili pakati akaona kuti gitala yatalika, pamene ife tinabwerera gitala yomweyo. Masipika anawakweza besi yokhayokha ngati tili pa ukwati, mawu a woimba osamveka bwino mpaka bambo wina anachita kudzuka kukamuuza kuti "mwana wanga, tsitsako besiyo, izi si za amapiano". Anatsitsa ndithu, mwaulemu wake, pamenepo ndimuyamikire. Koma bandi yamoyo inakwera pa siteji 11 koloko itadutsa. Pa Dedza. Mwezi wa June. Tonse tikudziwa kuti tauni yathu ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,600, ndipo mphepo ikamatsika kuphiri kuja usiku siiona kuti wavala jekete, holoyonso mbali imodzi ndi yotsegula. Mmene amadala amayamba nkuti theka la akuluakulu amene usikuwu anaukonzera atapita kale kukagona, ena ndi a shuga ndi BP sangakhale mpaka pakati pa usiku. Zinandiwawa, chifukwa anaphonya chenichenicho. Kuonera pa sikirini kuli ngati kumva fungo la ndiwo za kwa aneba, chakudya chinali bandiyo.

Amadalawo onse ndi a zaka za m'ma 60 kupita m'mwamba, ndipo wa gitala ya lidi anandiuza pambuyo pake kuti ankaimba m'mahotela ku Blantyre ndi Lilongwe m'ma 1980, kenako zinthu zitavuta anabwerera kumudzi nkumalima kachewere. Asanakwere ndinamuona atanyonyomala pa mbaula ya alonda panja, akuotha zala zake chimodzichimodzi, kuzipinda nkuziwongola, kenako anazipaka mafuta pang'ono. Gitala yake utoto unachoka kale pamene pamakhala mkono, lamba wake anamangirira ndi waya, kabatani kena ka voliyumu kanachita kusinthidwa ndi ka wailesi. Koma atangogwira zingwe aaa. Sathamanga mdala uja. Amakankha chingwe chimodzi m'mwamba nkuchisiya chilire, kudikira, kenako nkuyankha ndi manotsi awiri atatu basi, ndipo umamva kuti apa palibe chowonjezera. Achinyamata athu a gitala m'matchalitchimu ndi aluso ndithu koma ambiri amafuna kudzaza paliponse, abwere adzaone mmene munthu amasiyira mpata.

Woimba wamkulu mawu anatsika, izo sitingabise. Munthu ukamakula minofu ya pakhosi imafooka, mpweya umachepa, nde manotsi apamwamba aja amayamba kuthawa, ndichifukwa chake olo magulu akuluakulu akunja amatsitsa kiyi ya nyimbo zawo akamakalamba. Bandi iyi imadziwa zimenezo ndipo nyimbo zambiri anazitsitsa, zinamveka bwino, zina mpaka kukoma kuposa pa kaseti chifukwa mawu okhuthala a munthu amene waona zambiri amapatsa nyimbo ya chikondi kulemera kwina. Panali imodzi yokha imene anaumirira kuiimba pa kiyi yake yakale poti anthu anaipempha mokuwa, pofika pa kolasi mawu anasweka, iye anangotembenuzira maiki kwa ife nkutisiya timalize. Palibe anaseka. Mawu a nyimbo zina za Chingerezi amawerenga m'kope la sukulu limene analiika pa mpando, ine sindikuona vuto pamenepo. Amene anandisokoneza ndi wa kiyibodi, amakonda kuyatsa ma dramu a m'makina momwemo pamene mnyamata wa dramu alipo, nde zimalimbana. Mnyamatayo ndi mdzukulu wa wa besi gitala, ndipo amamenya maso ali pa agogo akewo, akangogwedeza mutu iye watsitsa liwiro. Makinawo angozimitsa basi.

Anayamba ndi rock yofatsa, nkulowa country ya mtundu wa Don Williams imene amalume athu ankaikonda, kenako anatembenukira kwathu kuno, nyimbo za nthawi ya Kalimba ndi Makasu, ndi kaimbidwe ka ku Balaka ka Alleluya. Apo nde mipando inasiyidwa. Mayi a kunyumba amene anakhala atafunda chitenje usiku wonse anadzuka osandiuza nkomwe. Magetsi anazima kamodzi koma jenereta inalira pasanathe mphindi zingapo, apa lojiyo inakonzeka bwino.

Pa tebulo pathu panabuka mkangano ndi alamu anga, ndipo ndiufotokoze poti ndikudziwa ambiri mumaganiza ngati iwo. Iwo amati magulu okalambawa akungotidyera ndalama, eni ake enieni anafa kapena anasiya, chatsala ndi dzina. Anatchula Queen, kuti Freddie Mercury anamwalira 1991, John Deacon anapuma, nde Brian May ndi Roger Taylor akuyenda ndi Adam Lambert, "imeneyo mukuti Queen alamu?" Anatchulanso Eagles kuti Glenn Frey anamwalira 2016 nkulowetsa Vince Gill. Ndinawayankha kuti "alamu, nanga Black Missionaries bwanji mumakavina chaka ndi chaka pamene Evison Matafale anatisiya 2001? Nanga Alleluya imene inayamba 1978, ndi angati oyambirira amene ali pa siteji lero?" Anati zimenezo nzosiyana koma sanafotokoze kusiyana kwake. Pena ali ndi mfundo, ndikuvomera, likakhala gulu loti palibe olo mmodzi woyambirira nkumalipiritsa ngati ndi lomwe lija, chimenecho nchinyengo. Koma pakakhala mmodzi kapena awiri amene anaipeka nyimboyo ndi manja awo, ine ndipita ndithu, ndipo sindipita kukayerekeza ndi kaseti ya 1982. Keith Richards wa gitala wa Rolling Stones zala zake zinapindika ndi nyamakazi, iye mwini amanena kuti zinasintha kaimbidwe kake, Brian Johnson wa AC/DC anaima kaye mu 2016 madokotala atamuchenjeza kuti makutu agontha. Anthuwa akuimba ndi thupi limene latsala, ndipo ife owonerafe thupi lathu nalonso ndi lomwelo, nde timamvana.

Komanso nthawi siidikira. Ozzy Osbourne anaimba komaliza ndi Black Sabbath kwawo ku Birmingham pa 5 July 2025 atakhala pa mpando, pa 22 mwezi womwewo anamwalira. Kwathu kuno Soldier Lucius Banda anatisiya mu June 2024, ndipo alipo ambiri pa Dedza pano amene ankati tidzamuonera akadzabweranso. Mbali inayi taonani Giddes Chalamanda, wobadwa 1930, mmene dziko linamudzukira atajambula ndi Patience Namadingo mu 2020. Ku Zambia nako Jagari Chanda wa gulu la WITCH, amene anakhala zaka zambiri akukumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa siteji ndipo akuzungulira maiko akunja, chimbale chatsopano anatulutsa 2023. Amadala athuwa sadzafika kumeneko mwina, koma luso ndi la mtundu womwewo ndipo ali pompano, K10,000.

Zakudya zili bho. Tchipisi chake ndi cha kachewere wa konkuno, chodula chachikulu, chotentha, ndipo nkhuku ya lokolo inapsa bwino. Mang'ina anatha msanga. Chimene ndinakonda nchakuti amagulitsa tiyi wamkaka m'fulasiki, chifukwa si tonse timamwa mowa ndipo Fanta wozizira pa mphepo imene ija ndi chilango. Maweta ndi aulemu koma ndi awiri okha holo yonse, ukaitanitsa udikire. Mipando ndi ya pulasitiki ndipo inachepa, ochedwa anaimirira, zimene sizoyenera pa malo oti ambiri ndi a mawondo ovuta. Zimbudzi zaukhondo, kungoti mayi anadandaula kuti kwa azimayi babu inali yakufa, amaunikira foni. Magalimoto amaima mkati mwa mpanda ndipo alonda alipo.

Potuluka ndinakumana ndi manijala, mnyamata wa zaka za m'ma 30, ndinamuuza kuti "achimwene, mwayamba chinthu chabwino, koma tembenuzani pulogalamuyi. Bandi iyambe 7 koloko anthu akadali ndi mphamvu, amadalawo zala zisanaume, sikirini ibwere pambuyo kwa ofuna kuchezera". Anati "bambo, vuto ndi loti bandi ikatha anthu amapita, bala imaima". Ndikumumvetsa, ndi bizinesi, koma panopa anthuwo akupitabe, ndipo akupita asanaone chimene analipirira, mwezi wamawa sabweranso. Ndinamupemphanso kuti aike mbaula ziwiri zitatu m'mbali mwa holo ndi kutchinga mbali yotsegulayo olo ndi tenti, komanso alembe pa positala kuti bandi ikwera nthawi yanji yeniyeni. Anati akambirana ndi abwana ake.

Amene mukufuna kupita, valani juzi ndi jekete pamwamba, azimayi tengani kabulangete musachite manyazi, ndipo khalani chapakati osati pafupi ndi masipika. Za mayendedwe konzeranitu, ikadutsa 12 koloko a kabaza amasowa ndipo opezekawo amatchula mtengo wawo. A ku Linthipe, Chimbiya kapena Lizulu ndi bwino musonkherane galimoto imodzi kapena mugone konkuno, M1 usiku wa nkhungu si yoyendamo mutatopa. Musanalipire pakhomo funsani kaye ngati bandi yayamba kukwera msanga.