STATcompiler: chida chaulere choonera kusiyana kwa umoyo pakati pa osauka ndi opeza bwino

Munthu amene akufuna kudziwa kuti mayi wa ku Malawi amabereka ana angati pa moyo wake, kapena kuti ndi ana angati amene amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, safunikanso kusanthula malipoti a masamba mazanamazana, chifukwa pa intaneti pali chida chotchedwa STATcompiler chimene chinasonkhanitsa ziwerengero zoterezi pamalo amodzi. Eni ake ndi a The DHS Program, ndondomeko imene inayamba mu 1984 ndi thandizo la USAID, bungwe la boma la America, ndipo yachititsa kafukufuku wa za umoyo ndi kuchuluka kwa anthu m'maiko oposa 90. Kuno kwathu kafukufukuyu amayendetsedwa ndi National Statistical Office ya ku Zomba, ndipo wachitika mu 1992, 2000, 2004, 2010, 2015-16 ndi 2024.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta ndipo salipiritsa. Mumasankha dziko, kenako mutu wa nkhani, monga kulera, katemera kapena maphunziro a amayi, ndipo zotsatira zimabwera m'tebulo, m'zithunzi za mizere kapena pa mapu. Mukasankha imfa za ana osakwana zaka zisanu, mudzaona kuti zinatsika kuchoka pa 234 mwa ana 1,000 alionse obadwa amoyo mu 1992 kufika pa 63 mu 2015-16, ndipo popeza mafunso ake akuluakulu amakhala ofanana m'maiko onse, mukhoza kuika Malawi pambali pa Zambia kapena Mozambique popanda kukayika kuti mukuyerekeza zinthu zosiyana.

Koma pamene chidachi chimandikhutiritsa kwambiri ndi pamene chimaphwanya chiwerengero cha dziko lonse m'magulu. Mu 2015-16 mayi wa ku Malawi ankabereka ana 4.4, kutsika kuchoka pa 6.7 mu 1992, ndipo chiwerengero cha dziko lonse choterechi n'chimene chimatchulidwa m'misonkhano. Mukachiuza kuti chigawe malinga ndi kumene anthu amakhala, akumudzi amafika pa 4.7 pamene am'tauni ali pa 3.0, mukachigawa malinga ndi chuma cha pabanja, amayi a m'mabanja osaukitsitsa ali pa 5.7 ndipo a m'mabanja opeza bwino ali pa 2.9. Nkhani ya kupinimbira kwa ana nayonso ndi chimodzimodzi: dziko lonse linali pa ana 37 mwa 100 alionse, koma m'gulu losaukitsitsa anali 46 pamene m'gulu lapamwamba anali 24. Mphunzitsi, mtolankhani kapena khansala amene waona mizere iwiriyi itaikidwa pamodzi sangalankhulenso za "mwana wa ku Malawi" ngati kuti ana onse amakulira m'khomo limodzi.

Pamenepa mpofunika kusamala, chifukwa chuma chimene akunena si ndalama za m'thumba ayi. Ochita kafukufuku amayang'ana ngati denga ndi la malata kapena la udzu, ngati pansi ndi pa simenti kapena pozira, ngati madzi amatunga pa mpopi, pa mjigo kapena pa chitsime, komanso ngati pakhomopo pali wailesi, njinga kapena foni, kenako amagawa mabanja m'magulu asanu ofanana kukula. Njirayi ndi yanzeru m'dziko limene anthu ambiri salandira malipiro a pamwezi, komabe imakomera moyo wa m'tauni, moti banja lochita lendi ku Ndirande m'nyumba ya magetsi likhoza kuoneka lolemera kuposa mlimi wa ku Mchinji amene nkhokwe yake ndi yodzaza. Ndiponso gulu lotchedwa lapamwamba silitanthauza anthu olemera enieni, koma gawo limodzi mwa magawo asanu la anthu amene aposa anzawo m'dziko losauka. Wowerenga tebulo lokha popanda kufufuza kaye tanthauzo la maguluwa akhoza kusokera.

Chofooka china ndi chinenero. Mu kafukufuku wa 2015-16 mafunso anamasuliridwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo amayi 24,562 anakhala pansi n'kuyankha za mimba zawo ndi za ana amene anataya, ena mwa iwo n'kuyankhanso za nkhanza za m'banja, koma zotsatira zake sizipezeka m'zinenero zimenezi, kotero kuti mfumu kapena komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imadalira wina kuti aiwerengere. Matebulo akenso ndi otambalala, oyenera kompyuta kusiyana ndi foni ya m'manja.

Ophunzira a m'mayunivesite amene akufuna kusanthula okha mayankho a banja lililonse ayenera kudziwa kuti zimenezo sizili mu STATcompiler; amafunika kulembetsa pa tsamba la The DHS Program ndi kufotokoza cholinga cha kafukufuku wawo, ndipo malo a midzi amasunthidwa dala pa mapu, kawirikawiri osapitirira makilomita 5 kumidzi ndi 2 m'tauni, pofuna kuteteza oyankha. Kwa ena tonsefe chidachi n'chokwanira, ndipo ndikuchilimbikitsa. Popeza mu 2025 boma la America linadula thandizo la USAID limene ndondomekoyi inkadalira, ndi bwino kuti tebulo lililonse limene mwalipeza mulisunge mu Excel pa kompyuta yanu, mutalemba chaka cha kafukufuku pamwamba pake.