Ndemanga: ulendo wokhala ndi wotsogolera ku Vatican Museums ndi Sistine Chapel

Nyenyezi 4 mwa 5. Tikiti yokhala ndi wotsogolera ndi yokwera mtengo kuposa yolowera wamba, koma ndalamayo sindikuidandaula.

Mayi amene ankatitsogolera anatiimitsa pabwalo la Pigna, pomwe pali zikwangwani zosonyeza denga la tchalitchi cha Sistine, chifukwa m'kati mwa tchalitchicho otsogolera saloledwa kufotokoza, ndipo kujambula zithunzi n'koletsedwa. Apo ndi pomwe ndinamvetsa kuti amisiri otchuka ngati Michelangelo ndi Raphael sankangojambula zokomera mtima wawo. Wolipira ntchito ndiye ankalamula, ndipo wolipirayo anali Papa.

Nkhani ya Michelangelo inandikhudza kwambiri. Mu 1505 Papa Julius II anamuitanira ku Rome kuti amusemere manda aakulu a ziboliboli pafupifupi 40. Mwamunayu anatha miyezi ku Carrara akusankha miyala. Atabwerako, anapeza mtima wa Papa uli pa tchalitchi chatsopano cha St Peter's, chomwe mmisiri wa zomangamanga Bramante anayamba kumanga mu 1506. Michelangelo anapsa mtima n'kubwerera ku Florence. Kenako Papa yemweyo anamupatsa denga la Sistine, ntchito yopenta, pomwe iye ankadziona ngati wosema miyala. Anaigwira kuyambira 1508 mpaka 1512. Mayiwo anatiuza kuti tikalowa tiyang'ane masamba ndi zipatso za thundu m'manja mwa anyamata ojambulidwa padengapo, chizindikiro cha banja la Papa, la della Rovere. Ndinazipezadi, ndipo pandekha sindikanaziona. Tchalitchi cha Sistine anachimangitsa ndi Papa Sixtus IV, wa banja lomwelo.

Anafotokozanso bwino za chithunzi cha Chiweruzo Chomaliza, chomwe Michelangelo anamaliza kupenta m'tchalitchi chomwecho mu 1541 nthawi ya Papa Paul III, ndi mmene mmisiri wina, Daniele da Volterra, anadzalamulidwira kuveka nsalu anthu amaliseche a pachithunzicho.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa chifukwa cha zipinda za Raphael. Tinangodutsamo mothamanga, anthu ali pikitipikiti, kachipangizo ka m'khutu kakudukaduka mawu. Chonsecho Raphael ankapenta zipindazo molamulidwa ndi Julius yemweyo pa nthawi yomwe Michelangelo anali padenga, ndiye nkhaniyo inafunika kuipatsa mpata.

Mukafuna ulendowu, sankhani wa m'mawa, ndipo valani zobisa mapewa ndi mawondo. Manda a Julius aja anatha mu 1545 ali ochepa kwambiri poyerekeza ndi pulani yoyamba, ndipo ali ku tchalitchi cha San Pietro in Vincoli mu Rome, komwe kuli chiboliboli cha Mose. Ulendowu sufikako, mudzapite nokha.