Masekondi 10 kapena mphindi 3: mitundu iwiri ya khunyu

Si khunyu yonse imagwetsa munthu. Pali mtundu wina umene umakonda kugwira ana a msinkhu wa ku pulayimale. Mwana akulemba, basi wangoti duu, pensulo ili m'manja, maso akuyang'ana malo amodzi, mwina zikope zikuphethira. Mukamuitana sayankha. Pakatha masekondi ngati 10, kawirikawiri osafika 20, amapitiriza kulemba osadziwa kuti china chachitika. Zimatha kubwera kambirimbiri tsiku limodzi, ndipo zimandiwawa kuti ana otere amakalipiridwa kuti ndi osamva.

Mtundu wogwetsa ndi umene ambiri timaudziwa. Munthu amakomoka, thupi limauma gwa kwa masekondi ochepa, kenako manja ndi miyendo zimayamba kugwedezeka mwamphamvu, thovu kukamwa, nthawi zina mkodzo umatuluka. Zonsezi zimatenga mphindi imodzi mpaka 3, ngakhale kwa woonerera zimaoneka ngati ola lathunthu. Zikatha, munthu satsitsimuka msanga ngati mwana uja: amakhala wosokonezeka, mutu ukuwawa, ndipo amatha kugona maola angapo.

Apa ndi pofunika kuyang'ana nthawi pafoni. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani naye kuchipatala, chifukwa ubongo ungavulale. Muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu wake, ndipo kugwedezeka kukaleka mugonekeni chammbali. Musamuike supuni m'kamwa. Thovu lija silipatsira aliyense khunyu, mugwireni popanda mantha.